Apereka, Alonjeza Kapena Atikongoza?

Mu 2015 dziko la Malawi linaitanidwa, pamodzi ndi mayiko ena 9 monga Rwanda, Uganda, Ethiopia ndi Madagascar, kuti lilowe m'pulogalamu yotchedwa Pilot Program for Climate Resilience. Pulogalamuyi ili pansi pa thumba la Climate Investment Funds, lomwe linakhazikitsidwa mu 2008 ndipo msungichuma wake ndi World Bank. Dziko lililonse mwa mayiko khumiwo linapatsidwa madola 1.5 miliyoni, ndipo ntchito ya ndalamazo inali imodzi yokha: kulemba pulani ya momwe dzikolo lingadzikonzekeretsere ku mavuto odza ndi nyengo. Za ndalama zomangira zinthu zolembedwa m'pulanimo panalibe lonjezo. Dziko likamaliza kulemba linkayenera kunyamula chikalatacho n'kuyamba kugogoda makomo.

Nkhani ngati imeneyi ikadutsa m'manja mwa omasulira nkhani athu, kawirikawiri imatuluka yotere: "Dziko la Malawi lalandira thandizo la ndalama zankhaninkhani zothana ndi kusintha kwa nyengo." Chiganizochi n'cha Chichewa ndithu, malamulo a chiyankhulo sichinaphwanye, ndipo pawayilesi chimaterera bwino pakamwa. Koma pafupifupi mawu alionse m'menemo akunama pang'ono. Mayi wa ku Makhanga, kufupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, amene mu Januwale chaka chomwecho anaona madzi atazinga mudzi wake, akamva zimenezi amayembekezera chipupa chotchinga madzi kapena malo atsopano kumtunda. Chomwe ndalamazo zikukagula ndi akatswiri, kafukufuku, misonkhano ya m'mahotela ndi chikalata cha Chingerezi.

Pulani sindikuinyoza. Mlatho womangidwa osayeza kaye kuti mtsinjewo ukakwiya umafika pati ndi ndalama zotaya, ndipo mabungwe akunja satulutsa khobidi kwa boma lopanda pepala losonyeza chomwe likufuna kuchita. N'chifukwa chake thumba la Green Climate Fund, lomwe likulu lake lili ku Songdo m'dziko la South Korea, limalola dziko losauka kupempha mpaka madola 3 miliyoni ongolembera pulani yotere. Dandaulo langa lili pa mneni. Chichewa chili ndi kachidutswa kakang'ono, -er- kapena -ir-, kamene kamauza womvera ntchito yeniyeni ya chinthu: ndalama zolembera, zomangira, zogulira, zolipirira. Tikakasiya n'kuthawira ku "zothana ndi", timaika anthu pachiyembekezo cha chinthu chomwe sichikubwera, ndipo pakatha zaka zitatu chipupa chisakuoneka amati ndalama zinadyedwa. Zina zimadyedwadi, zimenezo tonse tikudziwa. Koma nthawi zina mbava imene anthu akuisakayo kulibe, wolakwa ndi amene anamasulira nkhani.

Mawu amene avulala kwambiri pa nkhani zimenezi ndi "thandizo". Tawasandutsa thumba lotayiramo chilichonse chochokera kunja, chikhale mphatso, ngongole kapena lonjezo chabe. Chodabwitsa n'chakuti Amalawi akakhala paokha sasokoneza zinthu zimenezi. Khalani nawo pa banki mkhonde tsiku la msonkhano. Amayi ali pamphasa, bokosi lili pakati ndi maloko ake atatu, makiyi ali m'manja mwa anthu atatu osiyana. Mlembi akaitana dzina, mwini dzina amaponya masheya ake. Kenako pali kathumba kapadera ka zadzidzidzi, ka maliro ndi matenda, ndipo pomaliza pamabwera ngongole, yomwe aliyense amadziwa tsiku lake lobwezera ndi chiwongoladzanja chake. Mlembi atayerekeza kulemba ngongole ya munthu m'kaundula kuti "thandizo", sangatuluke pakhondepo. Khasu timabwereka, n'kudzabweza lomwelo. Ndalama timakongola, n'kudzabweza zina zofanana nazo ndi kena pamwamba. Wokongoza mwankhanza timati ndi wakatapila, ndipo wosiya njinga yake kuti apatsidwe ndalama timati waika pinyolo. Mawu onsewa alipo, ngakhale mwana wa sitandade 5 amawadziwa. Amangosowa nkhani ikakhala ya mabiliyoni.

Pa msonkhano wa zanyengo wa ku Copenhagen mu 2009, mayiko olemera ananena kuti pofika 2020 azidzapezera mayiko osauka madola 100 biliyoni chaka chilichonse. Chaka cha 2020 chinafika chiwerengerocho chisanakwane. Bungwe la OECD, lomwe limawerengera mayiko olemerawo, linati chakacho anafika pa madola 83.3 biliyoni, ndipo malire aja anawadutsa mu 2022 ndi madola 115.9 biliyoni. Koma pa ndalama zochokera ku maboma ndi mabanki a chitukuko, pafupifupi magawo 7 mwa 10 alionse anali ngongole. Bungwe la Oxfam litachotsera zoyenera kubwezedwa ndi zina zongopakidwa dzina la nyengo, linapeza kuti phindu lenileni la madola 83.3 biliyoni aja silinapitirire madola 24.5 biliyoni. Wina atha kutsutsa kawerengedwe ka Oxfam. Chimene sangatsutse n'chakuti mkangano wonsewu ndi wa kusiyana kwa kupatsa ndi kukongoza. Tsono mtolankhani wa Chichewa, amene chiyankhulo chake chinasiyanitsa kale ziwirizi, alibe chifukwa chozimatira pamodzi.

Ena amati ngongole zake n'zofewa, chiwongoladzanja n'chochepa, zaka zobwezera n'zambiri, choncho kuzitcha thandizo si bodza. Zofewa zilipodi. Zambia, Mozambique ndi Niger, mayiko oyamba a mu Africa kulowa m'pulogalamu ndatchula poyamba ija, analandira ndalama zosakaniza, zina zaulere zina zangongole yofewa, ndipo ku Zambia zinagwira ntchito yooneka m'chigwa cha Barotse ndi m'dera la mtsinje wa Kafue. Komabe ngongole yofewa ya m'madola imauma kwacha ikagwa. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Usiku umodzi wokha, dola iliyonse yomwe tinakongola inafuna makwacha ena oposa 500 kuti ibwezedwe, ndipo obweza ake ndi olipira msonkho, kuphatikizapo ana amene lero ali kumbuyo. Tinene kuti "ngongole ya chiwongoladzanja chochepa". Mawuwo ndi aatali, koma munthu amadziwa chomwe wasainiridwa. Kuti mneni woti "kukongoza" amatanthauzanso kupangitsa chinthu kuoneka bwino, zimenezo ndi nthabwala ya chiyankhulo chathu, tisazitengere kuntchito.

Pambuyo pa thandizo pamabwera nthawi ya mneni. "Apereka" ndi mneni wa chinthu chomwe chachitika: ndalama zatuluka uko, zalowa kuno. "Alonjeza" ndi pakamwa chabe. Pakati pa ziwirizi pali masitepe ena omwe Chichewa chimatha kuwatchula onse: alonjeza, avomereza, asainirana, atumiza gawo loyamba, amaliza kupereka. Taonani dziko la America ndi Green Climate Fund. Mu 2014 Barack Obama analonjeza madola 3 biliyoni, ndipo pochoka pampando mu Januwale 2017 anali atapereka biliyoni imodzi. Joe Biden anawonjezera biliyoni ina mu 2023, kenako boma lake n'kulonjeza ena 3 biliyoni. Kumayambiriro kwa 2025 boma la Donald Trump linafafaniza madola 4 biliyoni onse otsalawo. Amene analemba kuti "America yapereka madola 3 biliyoni" mu 2014 analemba chinthu chomwe mpaka lero sichinachitike. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mutu wa nkhani uzinena kuti fodyayo ali pati.

Palinso chizolowezi chobisa wochita chinthu. "Ndalama zaperekedwa." "Pulani yakhazikitsidwa." "Ntchito idzagwiridwa." Ndi ndani? Chichewa cha pamudzi chimakonda kutchula munthu, ndipo chikabisa dzina chimabisa dala. Kachitidwe ka -dwa paliponse kanabwera ndi malipoti a Chingerezi, momwe kubisa wochita kumaoneka ngati ulemu wa muofesi. Pano ndiyenera kuteteza mawu amodzi omwe anzanga ena osamala chiyankhulo amadana nawo, akuti "kudzera mu". N'zoona kuti atopetsa: anthu akulankhula kudzera m'kalata, akudwala kudzera m'madzi, akulemera kudzera mu ulimi. Koma pa nkhani ya ndalama zanyengo mawuwa ali pamalo pake enieni, chifukwa ndalamazo zimadzeradi penapake. Green Climate Fund sipereka ndalama kwa aliyense, imapereka kwa mabungwe omwe inawavomereza. Komiti yake itakumana ku Livingstone m'dziko la Zambia mu Novembala 2015, inavomereza ntchito 8 zoyambirira, ndipo imodzi inali ya Malawi: madola 12.3 miliyoni aulere okonzera zipangizo zoyezera nyengo ndi njira zochenjezera alimi ndi asodzi, kudzera ku bungwe la UNDP. "Kudzera" ameneyu akuuza nzika khomo lokagogoda ikafuna kufunsa. Tikamufufuta n'kungoti "Malawi walandira", anthu amakaloza chala ku Capital Hill pa ndalama zomwe mwina sizinagone n'komwe kumeneko.

Tsopano tifike pa mawu amene amandiwawa koposa. Chingerezi cha mabungwe chili ndi mawu akuti resilience, ndipo omasulira ambiri anagwirizana mwakachetechete kuti Chichewa chake ndi "kupirira". Motero timamva za "ntchito yothandiza anthu kupirira ku kusintha kwa nyengo" ndi za "midzi yopirira". Kodi kupirira timakunena pati? Timauza wamasiye kuti apirire. Timauza wodwala amene mankhwala amukana kuti apirire. Mkazi wozunzidwa pabanja wakhala akuuzidwa kwa mibadwo kuti apirire, ndipo masiku ano tikuphunzira kuti malangizo amenewo apha anthu. Kupirira ndi kukhala chete ululu uli mkati, podziwa kuti palibe chomwe ungachite. Ngati zimenezi ndi zomwe mabiliyoni akudzagula, angowasunga, pakuti anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa safuna maphunziro a kupirira. Anapirira mu 2015, anapirira namondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023.

Chomwe eni mawuwo akutanthauza ndi china: kuti tsoka likabwera lisagwetse zambiri, ndipo zomwe zagwa zidzuke msanga. Chichewa chilibe dzina limodzi lonyamula zonsezi, ndipo sindikuona vuto. Chiyankhulo chathu chimayenda ndi aneni, ndipo mneni amasankhidwa poona chinthu chomwe tikunena. Mlatho ukhale wolimba, wosakokoloka. Nyumba ikhale ya maziko okwera, yomangidwa kutali ndi khwawa. Mudzi ukhale wokonzeka, wodziwa kothawira ndi woimba lipenga madzi akayamba kukwera. Banja likhale ndi podalira pena chimanga chikakanika, mbuzi kapena dimba. Boma lithe kudzutsa msanga zomwe zagwa: Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo linakhala m'kuzimazima kwa magetsi kopitirira chaka. Onani kuti womasulira akakakamizika kusankha mneni, amakakamizikanso kufunsa kuti pulaniyo ikufuna kuchita chiyani kwenikweni. Dzina limodzi lalikulu limamupulumutsa ku funso limenelo, n'chifukwa chake amalikonda.

Pali malo amodzi pomwe "kupirira" ndimakulandira ndi manja awiri. Alangizi a zaulimi akamati mapira, chinangwa, mbatata ndi nandolo ndi mbewu zopirira ku chilala, akulankhula Chichewa chabwino. Mbewu siyenda, siikonza ngalande, siipita kumsonkhano wa mudzi. Imaima pomwe yabzalidwa n'kumva dzuwa. Munthu ndiye sitiyenera kumuyankhula ngati chinangwa.

"Kuthana ndi kusintha kwa nyengo" nakonso n'kodzitama. Kuthana ndi chinthu ndi kuchimaliza, monga timathana ndi mbava kapena ndi ngongole. Africa yonse imatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wosafika magawo 4 pa 100 alionse, ndiye mudzi wa ku Phalombe ungathane nako bwanji? Pali ntchito ziwiri zosiyana zomwe mawuwa amaziphimba. Ina ndi kuchepetsa utsi ndi mpweya woipa, ntchito yomwe kwakukulu ili m'manja mwa mayiko a mafakitale. Ina ndi kusintha kalimidwe, kamangidwe ndi kakhalidwe kathu kuti tigwirizane ndi nyengo yomwe yasintha kale. Ndalama zambiri zapadziko lonse zimapita ku ntchito yoyambayo, chifukwa magetsi a dzuwa amabweza phindu pomwe chipupa cha mumtsinje sichibweza kanthu. N'chifukwa chake ku Glasgow mu 2021 mayiko osauka anakakamira mpaka olemera anavomera kuwirikiza kawiri ndalama za ntchito yachiwiriyo pofika 2025. Womvera amene wauzidwa "kuthana" basi sangadziwe kuti panali chokanganirana.

Za mawu akuti "kusintha kwa nyengo" enieniwo sindilimbana nawo. N'zoona kuti nyengo imasintha chaka chilichonse, dzinja kupita masika kubwera, ndipo agogo akafuna kunena chomwe asayansi akunena amati mvula yasintha kagwedwe, chizimalupsa sichikudziwikanso. Koma mawuwa akhazikika, aliyense akuwamva, asiyeni. Ndipo pomwe tachita bwino tiyamikire. Amene anasankha kunena "namondwe" pa mphepo zochokera kunyanja ya mchere anasankha bwino. Anthu a ku Zomba, Mulanje ndi Phalombe ali ndi dzina lakale la madzi ogumuka m'phiri ndi miyala, Napolo, amene anagwetsa zinthu ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Mlimi amasiyanitsa ng'amba, mvula ikadula pakati pa dzinja, ndi chilala cha chaka chonse. Msodzi wa ku Nkhotakota ukamuuza kuti kukubwera mwera sufunika kuwonjezera kanthu. Uthenga wochenjeza wolembedwa ndi mawu amenewa umapulumutsa anthu kuposa wonena za "nyengo yosakhala bwino".

Pa thumba latsopano la zowonongeka ndiyenera kudzudzula mbali yomwe mtima wanga uli. Thumbali linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022 ndipo linayamba kulandira malonjezo ku Dubai mu 2023. Olemba ena achangu amalitcha thumba la "chipukutamisozi", ena amati mayiko olemera "ayamba kulipa". Pabwalo la mfumu amalipa ndi munthu amene mlandu wamugwera, ndipo chipukutamisozi chimachoka kwa wolakwa kupita kwa wolakwiridwa. Chipepeso ndi china: timapereka pamaliro ngakhale sitinaphe ndife. Mayiko olemera anaonetsetsa kuti zomwe anagwirizana ku Paris mu 2015 zinene poyera kuti nkhani ya zowonongekayi sikutanthauza kuvomera mlandu kapena kulipa. Kwa iwo n'chipepeso. Ife tikhoza kukhulupirira kuti ayenera kulipa, ndipo ine ndimakhulupirira zimenezo, koma tikalemba ngati avomera kale, timauza anthu athu kuti mlandu unatha pomwe sunayambe n'kuzengedwa komwe. Tilembe kuti mayiko osauka akuti ndi malipiro, olemera akuti ndi chifundo, ndipo sanagwirizane.

Manambala nawo tisawaope. "Ndalama zankhaninkhani" ndi mawu okoma m'nthano, koma m'nkhani amagoneka womvera. Nambala imalankhula ikaikidwa pafupi ndi inzake. Namondwe Freddy, amene mu Malichi 2023 anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anapha anthu oposa 600, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Kafukufuku wa boma ndi mabungwe anapeza kuti kukonzanso zowonongeka kukufuna madola pafupifupi 680 miliyoni. Malonjezo onse a ku Dubai aja, a dziko lonse lapansi, anali pafupifupi madola 700 miliyoni. Namondwe mmodzi m'dziko limodzi laling'ono akanatha kukokolola pafupifupi thumba lonselo. Munthu sangaone zimenezi ngati zonse ziwiri tazitcha zankhaninkhani. Ndipo tisamale miliyoni ndi biliyoni, pakuti m'kamwa mwa wowerenga nkhani wothamanga zimamveka ngati mapasa, chonsecho biliyoni imodzi ndi mamiliyoni 1,000. Tizitchulanso ngati ndi madola kapena makwacha, ndipo tikasintha kupita m'makwacha tinene kuti tasintha pa mtengo wa tsiku liti.

Akonzi a nkhani adzati nthawi pawayilesi ndi yochepa ndipo mutu wa nyuzipepala sulola mawu ambiri. Tiyeni tiyese ndi msonkhano wa ku Baku wa mu Novembala 2024, komwe gulu la mayiko osaukitsitsa linkatsogoleredwa ndi Mmalawi, a Evans Njewa, ndipo nthumwi za gululi zinafika potuluka m'chipinda chokambirana posakhutira ndi zomwe zinali patebulo. Mgwirizano womwe unatuluka unatchula madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035. Sunanene kuti mayiko olemera adzatulutsa ndalamazo m'matumba mwawo. Unati iwo adzatsogolera pozisonkhanitsa kuchokera kosiyanasiyana, ku maboma, ku mabanki ndi ku makampani, ndipo sunaike malire a kuchuluka kwa zomwe zingakhale ngongole. Chizolowezi chathu chikanalemba kuti "Mayiko olemera apereka thandizo la madola 300 biliyoni lothana ndi kusintha kwa nyengo." Wosamala alembe kuti: "Mayiko olemera alonjeza kutsogolera posonkhanitsa madola 300 biliyoni pachaka pofika 2035, zina zidzakhala ngongole, ndipo mayiko osauka akuti n'zochepa." Kuwerenga chiganizo chachiwirichi mokweza kumatenga masekondi anayi kapena asanu kuposa choyambacho.